Ngolo Inatsala pa Chitunda

Jose anamwalira m'chipatala pa boma la Mangochi dzinja lili pakati, m'zaka zija othawa nkhondo ya ku Mozambiki anadzaza malire onse a ku Katuli. Mkazi wake Dinala ankafuna chinthu chimodzi chokha: mwamunayo akagone kumsasa wa othawa nkhondo, pafupi ndi ana ake. Munda, nyumba ndi manda a makolo anali atazisiya kale kutsidya, ndipo sankafuna kutayanso mtembo pakati pa anthu osawadziwa. Uthenga unatsogola ndi munthu wa njinga, kuti mlamu wake Nelson ayambe kukumba manda.

Galimoto yopita kumeneko inali imodzi, lole ya a Yakobo yonyamula chimanga cha chithandizo, yokoka ngolo kumbuyo. Lole yake inali nkhalamba yotsokomola pachitunda chilichonse, koma mwini wake ukamumva akuitama ukanati yangotsika m'sitima dzulo.

"Mayi, ndikutengani," anatero a Yakobo. "Koma maliro ndi chakudya sizikwera pamodzi. Anthu akangomva kuti chimanga chayenda ndi mtembo, sachikhudza, ngakhale njala iwapinde bwanji."

Dinala sanatsutse, poti kwawonso mwambo ndi womwewo. Funso linali lakuti mtembo ukwere pati. Iye ankafuna pa lole, pafupi ndi anthu, chimanga chipite m'ngolo. A Yakobo anapukusa mutu. Cholemera chimayenera kukhala pa lole kuti matayala agwire pansi. Chimanga chikakhala m'ngolo, ngoloyo ikanawakokera chambuyo pokwera phiri, onse n'kukathera kuphedi. Choncho matumba amene anali m'ngolo anawasanjikiza pa lole mpaka kupitirira denga, n'kufunditsa lona. M'ngolo munalowa Jose wokulungidwa m'mphasa, ndi Dinala. Kumbuyo anamangirira nthambi ya masamba kuti okumana nawo adziwe kuti pakudutsa maliro.

Amene sanakwerepo ngolo yopanda katundu asanene kanthu. Imadumpha pa kamwala kalikonse. Mphasa inkagubuduzika uku ndi uku, mutu wa Jose n'kumagunda chitsulo, mpaka Dinala anagona pamwamba pake n'kumukumbatira. Anayenda choncho ulendo wonse wokwera mapiri, zigongono zikuchucha magazi, akumupepesa mwamuna wake ngati akumva.

Atasiya msewu waukulu anafika pachitunda cha dothi lofiira, chonyowa ngati phala. Lole inakwera pang'ono, matayala n'kuyamba kuzungulira pamodzimodzi. Amuna awiri okweza matumba anaika miyala, anaika nthambi, anakankha mpaka misempha kutuluka m'khosi, koma ayi ndithu. A Yakobo anazimitsa injini n'kubwera kungolo, nkhope ili gwaa.

"Mayi, lole yalemedwa, ndipo ngolo iyi ikundigwira mwendo. Ndikaimasula ndikwera. Ndikapanda kutero tigona pano tonse, chimanga n'kuvunda." Kenako anatsitsa mawu. "Tiyeni tiwaike bambowa pamwamba pa matumba, pansi pa lona. Anzangawa ndiwatseka pakamwa."

Dinala anayang'ana matumba aja. Kumsasa kunali kutapita masabata anthu akudya mango osakhwima ophika, ndipo mwana wake wamng'ono anali atayamba kutupa mapazi. Anayang'ananso amuna awiri aja, amene anali atatchera kale khutu. Pakamwa pa munthu sipatsekeka ndi lona. Nkhani ikanafika kumsasa matumba asanatsitsidwe n'komwe.

"Ayi, bambo," anatero. "Ana anga adye chimanga chimene agonera bambo awo? Pitani. Mukatsitsa mubwere mudzatitenge."

A Yakobo analumbira kuti abwera dzuwa lisanapendeke, ndipo sankanama. Anazula chipini cholumikiza ngolo, anatsekera matayala ake ndi miyala, lole n'kukwera chitunda mobuula. Inawoloka kamlatho ka mitengo kutsogoloko n'kuzimiririka.

Paja amati mvula ikakuona litsiro sikata. Masana omwewo inagwa yoopsa kumapiri, mtsinje unadzaza, kamlatho kaja n'kupita ndi madzi. Lole inatsala tsidya lina, ngolo tsidya lino. Dinala anavula chitenje chake n'kufunditsa mphasa, iye n'kukhala pamvula.

Kutacha kunawala dzuwa loswa mtengo, ndipo ntchentche zinadziwa msanga. Anthu a mudzi wapafupi, Asilamu onse, anayamba kubwera n'kuima chapatali, nsalu zili pamphuno. Dinala anachita manyazi, n'kudzikwiyira pochita manyazi ndi mwamuna wake yemwe. Pomaliza panafika mkulu wina wa kumzikiti, a Sumani, n'kunjuta pafupi ndi tayala.

"Amama, pepani. Kwathu kuno maliro sagona, ndiye awa mukuwazunza. Mtsinjewu sutsika lero kapena mawa. Tipatseni, tiwasunge ife."

"Manda ake akumba kale kumsasa, bambo."

"Tamva. Koma tawaonani."

Dinala sanafunikire kuona. Anthu aja anamuika Jose kumphepete kwa manda a mudziwo, poti anali Mkhristu, popanda nyimbo, popanda m'bale woponya dothi. Anthuwo anachita zonse mwaulemu, ndipo ulemuwo unamupweteka Dinala kuposa chipongwe.

Madzi atatsika Dinala anawoloka wapansi. Kumsasa kunali phokoso la mitondo, utsi ukufuka pakhomo lililonse. Ana ake anamuthamangira milomo ili mbuu ndi ufa. Nelson anayang'ana kumbuyo kwake, kumsewu, n'kumuyang'ananso iye.

"Alamu, akulu anga ali kuti?"

Dinala anafotokoza. Nelson sanakalipe. Anangomutsogolera kumanda, kumene dzenje linali yasa, madzi amvula ali m'kati. Manda okumbidwa kale sasiyidwa opanda kanthu, amaitana wina. Amuna anakapa madzi aja, anadula thunthu la nthochi, nalikulunga m'malaya a Jose amene anatsala m'nyumba, n'kulitsitsira m'dzenjemo m'malo mwa mtembo. Anaimba nyimbo zonse zimene Jose sanaimbiridwe.

Mwana wamng'ono uja, atagwira chitenje cha mayi ake, anasuzumira m'dzenje n'kufunsa ngati amenewo anali bambo.

"Ponya dothi," anatero Dinala.