Ngumbi za pa Chulu cha Magadalena

Chulu chinali cha Magadalena, ndipo m'mudzi monse munalibe wotsutsa zimenezo. Anachilandira kwa mayi ake pamodzi ndi dimba la kabichi, kumunsi kwa Phiri la Dedza kumene mapaini amathera. Chaka ndi chaka, mvula yeniyeni ikagwa, iye ankakumba dzenje pambali pa chulucho, kuikamo ndowa, n'kuyatsa muuni wa udzu kukangoyamba kuda. Ngumbi zinkalondola motowo n'kumagwera zokha mu ndowa. M'mawa mwake amayi a m'mudzimo ankabwera ndi timbale, kugwada, iye n'kumagawa. Kunyada ankanyada ndithu, tisabise.

Kenaka kunabwera matipate, ndipo pambuyo pake panabwera anthu a ndalama ofuna malo. Tsidya la msewu wafumbi, pamene ana ankadyetsera mbuzi, panamera mzere wa nyumba za njerwa zootcha, zamipanda ya waya. Poti akuba nawonso anali atalandira ufulu wawo, mwini nyumba aliyense anaimika chitsulo chachitali pabwalo n'kupachikapo getsi loyera mbee, loyaka mpaka kucha. Tambala wa Magadalena anazungulira nalo mutu, ankangolira nthawi imene wafuna. Kuwalako kunkalowa pa zenera n'kugwera pamphasa pamene amuna ake, a Alufeo, anali gone chidwalire chisiyireni ntchito yocheka matabwa.

A Alufeo anali atasiya kudya. Phala ankalikankhira kumbali, mbatata ankangoinunkhiza.

"Amake Rute," anatero tsiku lina ndi mawu a pansipansi, "nditangolawa ngumbi za pa chulu pathu, mwina kukhosi kuno kungatseguke."

Kuyambira pamenepo Magadalena anasowa mtendere. Akagwira khasu, maso ali kumitambo. Akakhala pansi, wadzambatuka, wapita kukasuzumira chulu, wabwerako, wapitanso. Ku mphakati ankayankha Amen pamene anzake sanafike. Ankaopa, chifukwa ngumbi zambiri zimatuluka kamodzi, ndipo mikono ya a Alufeo inali itatsala mafupa okhaokha.

Mvula ija inagwa Lachinayi masana, yamphamvu, n'kusiya kafundi. Chiswe chinatsegula timabowo pachulu. Dzuwa likulowa, Magadalena anali ali pomwepo ndi ndowa yake, mitolo ya udzu ili pambali. Anayatsa muuni.

Zinatuluka ngumbi ngati utsi wa lupsa. Zinazungulira pamutu pake kamodzi, n'kukwera, ulendo wa tsidya la msewu. Kamoto ka udzu kangapikisane bwanji ndi getsi la pa chitsulo? Anauzunguza muuniwo m'mwamba, anayatsa wachiwiri, anathamanga nawo uku ndi uku mpaka moto unamunyambita zala. Atasuzumira mu ndowa, zomwe zinalimo sizikanadzaza ndi chikhatho cha mwana.

Ananyamula ndowayo n'kuwoloka msewu. Pa geti la nyumba yoyamba anapeza mlonda, a Vinsenti, mnzawo wa ku mphakati komweko.

"A Vinsenti, zimitsani kanthawi kochepa chabe. Mukudziwa inu kumene zikuchokera zimenezi."

"Ndikudziwa, mayi," anayankha akukanda m'mutu. "Koma pozimitsira pali m'nyumba. Mukufuna ntchito indithere?"

Pamwambo wa kumeneko, wotola ngumbi pa chulu cha mnzake ndi wakuba, mlandu wake ndi wa nkhuku. Koma za ngumbi zako zokagwera pabwalo la mnzako, makolo sanasiye mawu, poti masiku awo kunalibe magetsi. Magadalena anangoima, akuziona zikuunjikana patsinde pa chitsulo, mapiko ali ngwee. Kulowa wosaitanidwa kukanakhala kuba. Kubwerera kunali kukauza a Alufeo kuti agone ndi njala yawo.

Kuyankhulana kwa pagetiko kunatulutsa mayi wa panyumbapo, a Zuleika, akazi a mwini sitolo ina ya pa boma. Sanali munthu woipa ayi, ndipo n'chimene chinapweteka kwambiri. Anamva pempholo mwaulemu, n'kupukusa mutu.

"Kuzimitsa ndiye ayi, mayi, bambo sangalole. Mwezi watha womwewu akuba anatidulira waya. Koma ngati mukufuna ngumbi, lowani mutole. Ife tadzaza kale beseni. Zikungobwera zokha, kaya ndi mwayi wa nyumba ino."

Mawu akuti "ndi zanga" anafika pamlomo penipeni. Magadalena anawameza. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Analowa, n'kugwada pa simenti yonyowa, kuyamba kukokolola ndi manja. Atadzutsa mutu anaona kuti sali yekha. M'mipanda ya nyumba zinazo munali amayi a m'mudzi mwake, omwe aja a timbale, aliyense ali kalikiliki pansi pa getsi lake. Palibe anamuyang'ana kumaso. Mmodzi anachita kutembenukira kumpanda, ngati wina wamuitana.

Ndowa inadzaza msanga, kuposa mmene inkadzazira pachulu. Potuluka, mawondo ake anachita zimene anaphunzitsidwa ali mwana. Ananjuta, n'kuomba m'manja.

"Zikomo kwambiri, mayi. Mwatithandiza."

"Musadandaule," anatero a Zuleika akumwetulira. "Chaka chamawa mudzabwerenso, musadzachite manyazi."

Kunyumba anazikazinga pa phale madzulo omwewo, kuzipeta mapiko, kuwaza kamchere. Fungo litangolowa kuchipinda, a Alufeo anadzuka okha n'kutsamira khoma. Anatapa pang'ono, anatafuna, anatapanso. Magadalena anawayang'ana akumeza, misozi ili lengelenge. Anali wokondwa, ndipo mtima unkamuwawa nthawi yomweyo.

"Mwaona, amake Rute?" anatero a Alufeo akunyambita zala. "Anthu angamange zimene angamange, koma chulu chathu sichinatitayepo. Mawa muwagawireko amayi aja, asati tayamba kumana."

"Idyani, bambo."

Magadalena anaimirira, n'kumasula nsalu ya chipani imene anaitola pa msonkhano, kuipinda pawiri. Anaipachika pa zenera, n'kutsindira m'mbali ndi zala zake zopsa zija, kuti a Alufeo asaone kumene ngumbi zotsala zinkazungulira.