Lipenga Losalira

Malipenga a bandi ya sukulu analipo asanu ndi limodzi, koma ana ofuna kuwomba anachuluka. Choncho mphunzitsi wa nyimbo analengeza kuti aliyense adzawomba payekha, ndipo wolephera adzasiyira lipenga ena amene akudikira. Mpweya atamva zimenezi, anada nkhawa. Mtsikanayu anali m'chaka chomaliza, ndipo dzinali anamupatsa anzake chifukwa ankakoka mawu a lipenga nthawi yaitali osapuma. Mayesowo sankamuopsa iye. Ankaopera Kafupi.

Kafupi anali mwana wa chaka choyamba amene mphunzitsi anamuika m'manja mwa Mpweya kuti azimuphunzitsa. Kunena zoona, masiku oyamba lipenga la mwanayu linkalira ngati mbuzi yopanidwa ndi chitseko. Mpweya anapirira masiku atatu, lachinayi anatopa.

"Ukudzivutitsiranji?" anatero mnzake woimba ng'oma yaikulu. "Pagulu amamva ndani? Muuze azingoyendetsa zala ndi kutupitsa masaya. Enafe tidzamuphimba."

Malangizowo Mpweya anawalandira ndi manja awiri, poti ulesi unali utamugwira kale.

"Iwe usamawombe kaye," anamuuza Kafupi. "Uzingodina mabatani mmene ndikudinira inemu. Mawu adzabwera okha."

"Chabwino, asisi."

Ndipo mwanayo anamvera, teremu yonse. Zala zinkathamanga, masaya ankatupa, koma lipenga lili chete. Tsiku lina bandi itaimbira makolo, mayi ake a Kafupi anamufunafuna Mpweya mpaka kumupeza pakhonde.

"Mwana wanga, Mulungu akudalitse," anatero mayiwo atamugwira dzanja. "Ndamumva mng'ono wakoyu akuimba, mpaka ine misozi."

Mpweya anayankha maso ali pansi. Mawu amenewo anamuvutitsa mlungu wonse, komabe sanakonze kanthu.

Tsiku la mayeso linafika. Anasonkhana m'chipinda chosungira zida, momwe munkanunkha fumbi ndi mafuta odzoza mabatani. Itafika nthawi yake, Kafupi anaimirira, anaika lipenga pakamwa, nayendetsa zala nyimbo yonse osaphonya ngakhale pamodzi. M'chipindamo munangoti zii.

"Tsopano womba," anatero mphunzitsi.

Kafupi anakoka mpweya, anawomba. Chinatuluka ndi kamphepo chabe. Anayesanso, lipenga linangofwenthera. Ana anaphulika ndi kuseka, ndipo wa ng'oma uja ndiye anaseka koposa onse.

"Teremu yonseyi unkatani?" anafunsa mphunzitsi.

Kafupi anayang'ana Mpweya kamodzi kokha, kenako anayang'ana nsapato zake.

"Vuto ndi ine, aphunzitsi. Mutu wanga sugwira msanga."

Bola mwanayo akanamuneneza. Mpweya anachita manyazi amene sanawachitepo chibadwire. Mwanayo anali atayamba kale kupukuta lipenga kuti alibwezere m'bokosi, pamene Mpweya anaimirira.

"Aphunzitsi, si iyeyu ayi. Ndinamuletsa kuwomba ndine. Phokoso lake linkanditopetsa, ndiye ndinamuuza kuti azingodina mabatani."

Kuseka kuja kunatha. Wa ng'oma anayamba kumangitsa chingwe chimene chinali chomangika kale.

"Zala za mwanayu zikuposa za ambiri muno," anatero mphunzitsi mofatsa. "Koma milomo imalimba ndi kuwomba tsiku ndi tsiku, ndipo aliyense amayamba ndi phokoso loipa. Iwe unayamba bwanji? Ndinakupirira miyezi iwiri ine. Ndinakupatsa mwanayu kuti nawenso upirire. Tsopano lipenga lake lipita kwa amene akhoza lero, sindingawamane."

"Mupatseni langa," anatero Mpweya.

"Ukudziwa kuti tsiku lotsekera sukulu ndi lako lomaliza kuimba m'bandi muno?"

"Ndikudziwa."

Mphunzitsi anagwedeza mutu movomera.

"Kwatsala milungu itatu. Akadzakhoza, adzaimba ndi lipenga lako, iwe uli pampando ndi owonerera. Akadzalephera, udzapita wekha kukawafotokozera mayi ake."

Masana a tsiku lotsatira, onse ataweruka, awiriwo anakhala pabenchi kuseri kwa chipinda chija. Mpweya anamuonetsa mwanayo kafinyidwe ka milomo, namupatsa lipenga. Kafupi anatseka maso, anawomba ndi mphamvu zake zonse. Mbuzi ija inalira mpaka mlonda anasuzumira pakona.

"Pepani asisi, laipa," anatero Kafupi akulichotsa pakamwa msanga.

Mpweya analibwezera pamilomo ya mwanayo ndi dzanja lake, misozi ikulengeza.

"Laipa zedi," anatero. "Wombanso, ndikumvetsera."

Phunziro: Mukapatsidwa wamng'ono kuti mumuphunzitse, musamubisire zolakwa zake pofuna kuti zinthu zioneke bwino. Muloleni alakwe inu muli pomwepo, chifukwa mukamubisa lero, adzachita manyazi tsiku limene adzaime yekha.