Zala za Pamwamba pa Nsalu

Evelyn Nalungwe anali munthu wodana ndi zinthu zopindika. Pa shopu yake ya pa boma la Chitipa, pomwe ankachita fotokope ndi kusindikiza zithunzi, mapepala ankagona molingana bwinobwino, ndipo munthu akabwera ndi kalata yokwinyika ankayamba wamuyang'ana kaye m'maso asanaiwongole. Anthu ankati mayiyu akanatha akanasita ndi msewu womwe. Iye ankangoseka, podziwa kuti chopindika chake anabadwa nacho: zala zake zazing'ono za kumapeto, m'manja monse muwiri, zinakhotera m'kati ngati mbedza.

Chaka chimene mzere wa mashopu akale a makhonde unayamba kugwetsedwa kuti pamangidwe nyumba zosanja, Evelyn analengeza m'matchalitchi ndi pa msika kuti aliyense amene ali ndi chithunzi chakale cha pa boma abwere nacho. Anati adzachikopera pa kompyuta, mwiniwake n'kubwerera nacho tsiku lomwelo, ndipo kumapeto kwa Julaye zonse zidzapachikidwa mu holo, kuti ana obadwa phula litafika kale aone mmene tawuni yawo inalili galimoto imodzi ikamatsokomoletsa msika wonse ndi fumbi. Chifukwa chimenechi sichinali chabodza, koma panali china chimene sankachitchula. Bambo ake, a Cuthbert Silungwe, telala wa pa khonde lachitatu pa mzere womwewo, anamwalira iye ali ndi zaka ziwiri, osasiya chithunzi ngakhale chimodzi. Evelyn anafika zaka makumi anayi ndi zitatu asakudziwa nkhope ya bambo ake, ndipo nkhaniyi inkamupweteka. Komabe sankakayika. Munthu amene anakhala pa khonde la pa msewu zaka khumi ndi zisanu sangalephere kugwidwa ndi kamera ya winawake.

Zithunzi zinabwera. Zina zinachokera ku Wenya zitakulungidwa m'mapepala a shuga, zina ku Misuku zitapanidwa pakati pa Baibulo. Aliyense wobwera ankamukhazika pa benchi, kumufunsa dzina, mudzi, ndi mayina a onse a pa chithunzicho, n'kulemba m'buku lake lachikuto cholimba pamodzi ndi zimene munthuyo akukumbukira. Analemba za lole yomwe inagona m'matope masiku anayi, za apolisi a makabudula, za tsiku limene magetsi anayaka koyamba anthu n'kumaopa kuyandikira mapolo. Pomaliza ankafunsa mokhala ngati alibe nazo ntchito kuti kodi telala Silungwe palibe pamenepa? Yankho linali lomwelomwelo: palibe.

Zithunzi zambiri zinajambulidwa patsogolo pa nsalu imodzi. Pa nsaluyo panali tawuni yopenta pamanja, ya nyumba zosanja, msewu wakuda, ndi ndege yonenepa ngati mlamba. Anthu a Chitipa wa fumbi ankaima patsogolo pa tawuni yongoyerekezayo atavala majekete obwereka. Chimene chinkamunyansa Evelyn chinali m'mphepete mwa kumwamba: pafupifupi pa chithunzi chilichonse pankaoneka zala za munthu zitagwira nsaluyo. Ntchito yosalongosoka, ankatero mumtima, ndipo pokopera ankadula mzere umenewo kuti chithunzi chituluke choyera.

Tsiku lina kunabwera mayi Lines Namukonda, ogulitsa nyemba pa msika, munthu wa pakamwa posatseka. Chithunzi chawo chinali cha utsikana, atanyamula wailesi ya mwini. Anati kunyumba kuli china cha tsiku lomwelo, koma chinawonongeka ndi mphepo, iwo anatsinzina, ndipo wojambulayo anangowapatsa chaulere.

“Chowonongekacho chisiyeni, amama,” anatero Evelyn. “Mu holo mukufunika zooneka bwino.”

Kutatsala milungu iwiri kuti tsiku la holo lifike, m'kompyuta munali zithunzi makumi asanu ndi atatu mphambu zisanu ndi chimodzi, bambo ake osaonekamo. Apo m'pamene wina anamutsina khutu kuti mwini kamera amene anajambula zithunzi za pa nsalu zija, a Henderson, akadali moyo ku Chisenga. Evelyn anatseka shopu, kukwera kabaza wa njinga yamoto, ulendo wa kumunsi kwa mapiri a Mafinga.

Anawapeza akuothera dzuwa kuseri kwa nkhokwe, maso atachita ng'ala. Asanafotokoze n'komwe chimene wadzera, iwo ananeneratu kuti ngati ndi za mafilimu, chiswe chinamaliza kalekale. Anapatsana moni wa pamanja, koma mkuluyo dzanja sanalisiye. Analitembenuza, kulipapasa, mpaka chala chawo chachikulu chinaima pa kachala kokhota kaja.

“Iwe ndiwe mwana wa Silungwe,” anatero.

Evelyn anavomera. Kenako anafunsa ngati anawajambulapo bambo ake ngakhale kamodzi kokha.

A Henderson anaseka mpaka kutsokomola. “Kamodzi? Mwana wane, mu Chitipa monse palije munthu amene ndinamujambula kambiri kuposa adada ako.”

Ndiye anafotokoza. Nsalu ija anasoka ndi a Cuthbert, polumikiza matumba a ufa wa tirigu, mphunzitsi wina n'kupentapo tawuni. Poyamba ankaimangirira pa nsungwi, koma mphepo ya ku Chitipa aliyense amaidziwa, imalowa ndi m'thumba momwe. Nsungwi zinkagwa, tsiku lina zinagwera mkazi wa wapolisi. Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse a Cuthbert ankasiya makina, kukoka mpando wawo, kukwerapo kuseri kwa nsalu, n'kuigwira m'mwamba ndi manja. Anali munthu wamtali, ndipo mikono yawo sinkatopa msanga. Ali kuseriko ankaponya nthabwala kuti ojambulitsa asiye kuuma nkhope ngati ali pa mlandu.

“Ukaona munthu akuseka pa chithunzi changa, amene wamuseketsa ndi adada ako. Ine nthabwala sindinkazitha.”

“Nanga iwowo osaima kutsogolo bwanji, ngakhale tsiku limodzi?”

“Ndiye nsalu agwire njani? Ankangoti Loweruka likubwerali, Loweruka likubwerali. Atamwalira ndinaipinda nsaluyo, sindinaitambasulenso.”

Evelyn anatulutsa foni n'kuyamba kudutsa m'zithunzi zija chimodzichimodzi. Zonse zinali zoyera, zolingana, zopanda chala ngakhale chimodzi. Miyezi itatu wakhala akufunafuna bambo ake, ndipo miyezi itatu yomweyo wakhala akuwadula ndi dzanja lake, kuwataya ngati zinyalala. Anachita manyazi, ndipo anadzikwiyira kwambiri. Zithunzi zenizenizo zinali zitabwerera kale kwa eni ake, kumwazikana boma lonse.

Koma Evelyn sanali munthu wokhalitsa pa chisoni. Kudana kwake ndi zinthu zosalongosoka n'kumene kunamulakwitsa, ndipo n'komwenso kunamupulumutsa, pakuti m'buku muja munali dzina ndi mudzi wa munthu aliyense. Anathokoza a Henderson, kuwauza kuti pa tsiku la holo adzawatumizira galimoto, ndipo pokwera njinga anali atagawa kale masiku khumi ndi atatu m'mutu mwake.

Anayenda. Kwina njinga inkafika, kwina ankaisiya pa mlatho n'kukwera phiri wapansi, makina okopera ali m'chikwama kumsana. Anthu ankamuseka kuti mayi wa fotokope wasokonezeka, akufuna chithunzi chomwechomwecho kawiri. Iye ankangoloza pamwamba pa nsalu, kenako n'kuika dzanja lake pambali. Kuseka kunkathera pomwepo. Zala zinayi uku, zinayi uku, zazitali, zazing'ono ziwirizo zitakhotera m'kati. Pa chithunzi china chala chimodzi chinali chomangidwa kansalu, mwini chithunzi n'kukumbukira kuti mlungu umenewo singano ya makina inawabaya. Akuluakulu amene poyamba ankati Silungwe palibe tsopano ankakumbukira mawu ake a kuseri kwa nsalu, ndipo buku la Evelyn linadzaza mpaka pa chikuto.

Womaliza anali mayi Lines, omwe anali atapita kukagula nyemba kumalire. Atabwerako, Evelyn anawapeza pa msika m'mawa akuyala matumba. Anawapepesa kaye, kenako anapempha chithunzi chowonongeka chija.

“Si iwe unati tichisiye?” anatero mayi Lines. “Ine ndinatsinzinatu pamenepo. Ukufuna boma lonse lindione ngati nkhuku yodwala?”

Anang'ung'udza njira yonse mpaka kunyumba kwawo, koma anachitulutsa pansi pa sutikesi.

Chithunzicho chinali chopendekeka, chifukwa mphepo itawomba wojambulayo anadzidzimuka. Mtsikana wa wailesi anatsinzinadi. Kumanzere nsalu inali itapulumuka m'dzanja, nyumba yosanja n'kupindika pakati, ndege n'kuloza pansi. Pamwamba pa pamene panagwapo panali nkhope ya munthu, kuyambira pa mphuno kupita m'mwamba: chipumi chachikulu, pensulo kukhutu, ndi maso ofinyika ndi kuseka. Pakamwa panabisika kuseri kwa nsalu.

Evelyn anakhala pansi pa khonde la eni ake osapemphedwa. Maso amenewo ankawadziwa, ankawaona m'mawa uliwonse pagalasi, ndiponso pankhope ya mwana wake wamkazi. Analira, koma kunali kulira kwa munthu amene wapeza chake.

Mayi Lines anasuzumira. Zaka makumi anayi akhala akuyang'ana maso awo otsinzinawo, osakwezako maso pang'ono. “Ndi iwowo,” anatero pang'onopang'ono. “Apa ankandiuza kuti wailesi ndaigwira chozondoka.”

Pa tsiku la chionetsero holo inadzaza. A Henderson anakhala pakhomo pa mpando wa pulasitiki, kulandira moni wa anthu amene anawajambula ali anyamata, pano ali ndi ndodo. Zithunzi zonse zinapachikidwa zosadula, mzere wa zala ukuyenda khoma lonse. Kudzera pa zenera munthu ankatha kuona nyumba zosanja zenizeni zikukwera pomwe panali makhonde aja, ndipo ambiri ankati nsalu ya matumba a ufa inanena zoona. Chithunzi cha mayi Lines ndicho chinali chachikulu kuposa zonse, pakatikati. Mwiniwake ankauza aliyense kuti amuchita chipongwe, koma sanachokepo pamenepo tsiku lonse.

A Rodwell, mkulu wina wogwira ntchito kumalire, wochokera ku Thyolo, amene ankakonda kusindikizitsa mapepala ake kwa Evelyn chifukwa cha ukhondo wa ntchito yake, anaima patsogolo pa chithunzicho atapendeketsa mutu.

“Mayi Nalungwe, ichi chokha chakupulumukani,” anatero. “Chapindika, komanso kumbuyoku kukuoneka munthu. Simukanatha kumudula?”

Evelyn anayang'ana chipumi chija, pensulo ija, ndi dzanja limodzi lomwe linali likadagwirabe ngodya ya nsalu mphepo ikuwomba.

“Chisiyeni choncho,” anatero. “Amenewo ndi bambo anga, ali pa ntchito.”