Madzi Asanalowe pa Siwa

Chikokolokereni mapaipi ndi madzi osefukira, mpopi wa pa kiyosiki yathu umatha masiku uli duu. Ndiye anthu sitiima pamzere, zimaima ndi zigubu. Umasiya chako kumbuyo kwa cha mnzako, kuchitsamiritsa ndi mwala, n'kubwerera kunyumba khutu lili kumpopi.

Ulendo umenewo changa chinali chachiwiri, ndipo kwathu tinkachidalira kwambiri. Achemwali anga a Juliana anali atangotuluka m'chipatala ndi khanda, mchombo usanagwe. Mwanayo anatuluka totupa m'khosi ndi m'khwapa, kulira kosalekeza. Anamwino anati tisiye kumusambitsa madzi a pamjigo. Mjigo wathu ndi wamchere, sopo sachita thovu, nyemba nazo zimakana kupsa. Ku Shire amayi anandiletsa chifukwa cha ng'ona.

Chilembereni mayeso a Fomu 4, ntchito yanga ndi madzi basi. Sindidandaula, ndi ntchito yosafuna kuyankhula. Ine mawu amandithawa anthu akachuluka.

Masana dzuwa likuwotcha mpaka m'mapazi, a Fanizo osamalira kiyosiki anamenya chitsulo. Ndinathamanga. Madzi ankatuluka ochepa ngati chala cha mwana, ndipo Esinala, mnzanga wa kusukulu amene anali woyamba, ankadzaza chake akutukwana pang'onopang'ono.

Chili pafupi kudzaza, tinamva mawu kumbuyo.

"Zamaliro, anzathu! Tipatseni njira."

Anali mayi Clotilda, mkulu wa amayi a kumpingo, akutsogolera anzawo ndi ndowa zawo. Kunali maliro a bambo Lorenso, ndipo abale anali atafika ambiri kuchokera ku Marka. Kwathu kuno a pamaliro satsata mzere. Amatunga mpaka akwane, ndipo palibe amene amatsutsa, chifukwa mawa ndi iwe. Anthu anangosuntha zigubu zawo mwakachetechete. Inenso ndinasuntha changa.

"Iwe Imelda, tanena za mwana!" Esinala anandinong'oneza, akundibaya ndi chigongono.

Ndinatsegula pakamwa. Maso onse aja, nsalu zamaliro zija, ndinatsekanso.

"Fomu 4 yonse ija, kukamwa yasa ngati mlamba wa pamsika," anatero akusenza chigubu chake. "Ndikanakugawira, koma kwathu atimenya tonse."

Ndowa zinadzaza imodzi imodzi, madzi akunka nachepa. A Fanizo anagogoda mpopi ndi chikhatho.

"Limba mtima, mdala, alendo akuona," anauuza mpopiwo. Ena anaseka, koma kuseka kwake kotopa.

Mayi Clotilda ananditembenukira. "Mtsikana iwe, wangoima ngati polo la magetsi. Tasenza iyi, mitu yatichepera."

Anandisenzetsa ndowa yomaliza. Chigubu changa chopanda kanthu ndinachinyamula kumanja, sindikudziwa chifukwa chake. Tisanafike n'komwe pamsewu, mpopi unatsokomola kawiri n'kuleka.

"Nkhabe madzi! Atha!" anakuwa a Fanizo. Ndinangomva miyala ikubwezedwa pa zigubu.

Ndinayenda kumbuyo kwa amayi aja, madzi akundidonthera m'khosi, ozizira bwino. Njira yonse ndinkakonza mawu m'mutu. Ndikawakonza, akuphwasuka. Kenaka nyimbo za pasiwa zinayamba kumveka, ndipo ndinaona masamba amene anayala pamsewu. Apo ndinadziwa kuti nthawi yandithera. Madzi akalowa pabwalo la maliro, amayi anga sangalole ngakhale dontho kuti likhudze khanda. Ngakhale atandipatsa ndowa yonse, angakaitaye kudzala.

Ndinaima. Anzawo analowa, koma mayi Clotilda anacheuka.

"Walemedwa?"

"Ayi."

"Nanga?"

Ndinanena, koma mawu anathera m'khosi.

"Ukuyankhula ndi ine kapena ndi nyerere? Kweza!"

"Kwathu kuli khanda," ndinatero, maso ali pansi. "La achemwali. Lili ndi zilonda. Anamwino akuti madzi a pamjigo ayi."

Anandiyang'ana. Thukuta linkayenderera pansi pa duku lawo, ndipo maso awo anali ofiira ngati a munthu amene sanagone.

"Wa Juliana wabadwa? Nanga pakamwapo unapasiya kuti kumpopi kuja?"

Iwo anayang'ana pabwalo. Miphika inali pamafuwa yopanda madzi, azibambo a ku Marka atakhala pansi pa mtengo wa nimu, akudzipepesa mphepo ndi zipewa.

"Bwerera m'mbuyo," anatero. "Kuseri kwa masambawo. Tula."

Anatula yawo, n'kundithandiza kutula yanga. Anapendeketsa ndowa, ine nditakuta manja pakamwa pa chigubu kuti asatayike. Ena anatayikabe, fumbi n'kuwameza nthawi yomweyo. Asanafike pakati pa chigubu, anaimika ndowa.

"Basi, mwanawe. Omwalira nawonso asambe."

Ndinawerama kuti ndisenzenso yotsalayo, koma anandimenya dzanja.

"Ukupita kuti? Iwe ukagwira khanda, usaponde muno. Ndiibwerera ndekha." Anasenza yawo akubuula. "Ndipo ukamuuze mayi ako kuti sindinamuone pasiwa."

"Takhuta," ndinathokoza m'chiyankhulo chakwathu, koma anali atalowa kale.

Kunyumba amayi ananyamula chigubu n'kuchigwedeza.

"Ndi omwewa?"

"Ndi omwewa."

Achemwali anathira pang'ono m'beseni, osafika n'komwe pa mfundo ya chala, otsalawo n'kuwabisa kuseri kwa chitseko kuti ana asamwe. Ananyowetsa kansalu, nayamba kumupukuta mwana uja m'khosi, m'khwapa, kuseri kwa makutu. Mwanayo analira ndithu mpaka kufiira. Kenaka mawu anayamba kutsika, nagona pakamwa pali pabere. Ine ndinakhala pakhonde, khosi likuwawa, ndipo m'pamene ndinakumbukira kuti sindinamweko.