Majombo m'Chikwama cha Salifyanji

Salifyanji anatsala pang'ono kuchotsedwa pa maphunziro ake chifukwa cha jekete ndi nsapato za gogoda.

Mtsikanayu ankaphunzira kukonza mafiriji. Koleji ya ntchito zamanja inapangana ndi mafakitale a ku dera la Heavy Industrial mu Lusaka kuti ophunzira azikhala masiku ena m'kalasi, masiku ena pa makina enieni, ndipo womaliza bwino azilembedwa ntchito konko. Vuto linali amayi ake, ba Chitalu. Iwo anali atalengeza m'mafulati onse a ku Kabwata kuti mwana wawo akugwira ntchito ku banki. Bodza lotere limafuna kuvekedwa, choncho m'mawa uliwonse ankamusitira siketi ndi jekete, ovololo ndi majombo n'kuzikanikiza m'chikwama ngati katundu wakuba.

Sali ankayamba wapita ku siteshoni ya mabasi ya Intercity kukasintha zovala kuseri kwa kashopu ka ba Zuhula, neba wawo wogulitsa zitenje, kenako n'kusaka basi ina. Pofika kufakitale anzake anali atadetsa kale manja. Kapitawo anatopa naye. Anamuuza kuti akachedwanso, malo ake apatsa wina.

"Amai, mawa nivalila ovololo konkuno," anatero Sali Lamlungu masana.

"Utsike masitepe aya monga makanika? Ninakuphunzitsa mpaka giledi twelofu kuti anthu aniseke?"

"Manje akanichotsa muzawauza chani? Ati banki yapsa?"

"Uziuka m'mamawa chabe."

Sali anayang'ana kudenga n'kupuma mwamphamvu. Ali m'kati mosaka mawu oti asakhale achipongwe, pakhomo panamveka odi. Anali ba Zuhula, jekete ili pamkono.

"Muli shani, bana Sali?" analonjera mayi a Sali m'Chibemba. "Ba manejala anaiwala jekete ku ofesi yanga."

Ba Chitalu anakhala pansi pang'onopang'ono. "Kansi mudziwa?"

"Sadziwa ndani? Ni banki iti yamene ibweza munthu kunyumba na zikhadabo zakuda, anunkha gilisi? Timangovomela kamba ka ulemu. Koma mwatichedwetsa, amai. Said wanga ali panyumba, nchito yake ni kusintha machanelo pa TV. Mwana wa ba Ng'andu anyamulila anthu vikwama pa Intercity. Tonse tifuna kudziwa kuti Sali analowa bwanji, manje tingafunse bwanji za mafiliji kwa munthu wa ku banki?"

"Nanga masiku onse aya nenze kusitila ndani?"

"Msomali wa mu shopu yanga, pamene akoloweka jekete. Uoneka bwino maningi."

Sali anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anafotokoza zomwe ankalakalaka kunena kuyambira kale: munthu apite yekha ku ofesi ya koleji ndi zotsatira za mayeso, afunse kuti ndi maphunziro ati omwe ali ndi fakitale yogwirizana nawo, ndipo atsikana amalandiridwa chimodzimodzi ndi anyamata.

"Mafakitale asowa anthu odziwa makina," anatero, "ife tili kubisa majombo."

Lolemba Sali anatsika masitepe ndi ovololo, majombo ali gu gu gu. Amayi ake anasuzumira pakatani kudikira chipongwe. Palibe anakomoka. Ba Ng'andu anangokweza dzanja n'kupitiriza kutsuka mano. Tsiku limenelo kapitawo anapeza Sali atamasula kale injini ya firiji.

Sali anamaliza maphunziro, fakitale inamulemba ntchito, ndipo Said ndi mwana wa ba Ng'andu analowa gulu lotsatira. Ba Chitalu sanasiye kuwonjezera mchere, masiku ano amauza anthu kuti mwana wawo ndi injiniya wamkulu. Komabe apa ayandikirako ku choonadi.

Makolo, ntchito yamanja si yochititsa manyazi. Mwana akapeza malo pa maphunziro omwe koleji yagwirizana ndi olemba ntchito, muthandizeni kufika pa nthawi yake, ndipo uzani anansi anu kumene angakafunse. Mwayi mukaubisa, mumamana mwana wanu ndi ana a anzanu omwe.