Zikonyo Zinayi za Yoramu

Yoramu adamwalira mu Juni, atangomaliza ntchito imodzi yomwe sankalola munthu wina kuigwira: kusankha mbewu. Chaka ndi chaka ankakhala pakhonde kusanthula chimanga chokolola, kupatula chachikulu chodzaza maso mpaka kunsonga, n'kuchimanga ndi makoko ake omwe m'zikonyo. Zikonyozo ankazipachika kudenga la khitchini yaudzu, pamwamba penipeni pa mafuwa. Utsi ndiwo unkasunga mbewuyo. Mwaye ukachikuta chimangacho, anankafumbwe sankayandikirako.

Sichinali chimanga chogula m'sitolo. Chinali chamakolo, cholimba ngati nsangalabwi, cha maso oyera osakanikirana ndi ofiirira, chomwe bambo ake a Yoramu adasiya m'banjamo. Ku Biriwiri konse anthu adachitaya kalekale potengeka ndi haibulidi. Chidatsala pakhomo limodzi lokha, ndipo chaka chimenecho, chotsalacho chitapita kuchigayo kukadyetsa anthu a pamaliro, mtundu wonsewo udatsala m'zikonyo zinayi.

Mwamunayu adabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi wailesi, jekete lachikopa ndi chifuwa. Wailesi idafa, jekete lidadyedwa ndi makoswe, koma chifuwa chidakhala naye zaka makumi atatu. Nyengo yachisanu ankakhala tsiku lonse m'khitchini akuwotha moto, ndipo akamapuma m'chifuwa mwake munkamveka kaphokoso kakang'ono, ngati munthu akukhutula mchenga papepala pang'onopang'ono. Mkazi wake Eliness ankakadziwa kaphokosoko kuposa nyimbo za kutchalitchi.

Maliro atatha, Eliness naye adayamba kutsokomola. Mwana wake Regina, yemwe ankagwira ntchito ku Lilongwe, adamutengera kuchipatala, ndipo kumeneko adanena mosapsatira kuti mapapo ake atopa ndi utsi wa nkhuni. Regina sanali munthu wokambirana naye kawiri. Kachipinda kosungiramo makasu m'nyumba yamalata adakasandutsa khitchini, adagula mbaula ya gasi, mmisiri adakhoma kabati pakhoma pamwamba pake.

"Khitchini yakunjayo igwetsedwe," adatero Regina. "Ndikaisiya, ndikangokwera basi mubwereramo. Ndimakudziwani, amayi."

"Nanga mbewu ya bambo ako ndiipachika kuti?"

"Thirani mankhwala ngati anthu ena onse."

"Mbewu imeneyi sidathiridwepo mankhwala chibadwire."

"Ndiye iyambe chaka chino. Inuyo ndi chimanga, chofunika ndi chiti?"

 Botolo la mankhwala lomwe Regina adagula, Eliness adaliponya m'chimbudzi tsiku lomwelo.

Chidatsala chinali makina okoka utsi, chifukwa kakhitchiniko kadali ndi kazenera kamodzi kokha. Loweruka awiriwo adakwera minibasi kupita ku boma la Ntcheu, Regina atatenga chingwe chomwe adayezera m'lifupi mwa kabatiyo. M'sitolo ya zamagetsi adalandiridwa ndi bambo wina wadazi, wolankhula msanga, dzina lake Elson.

"Khitchini yake ndi yotani, achemwali?"

"Ukatembenuka umagunda chitseko," adatero Regina, akumupatsa chingwecho.

"Ndiye zazikuluzi tisataye nazo nthawi, izi ndi za kumayadi." Elson adawatengera pakona pomwe padali makina awiri athyathyathya, ngati thireyi yachitsulo yovundikira. "Onse awiriwa amakhomedwa kunsi kwa kabati, onse akukwana pachingwe chanuchi. Awa ali ndi sefa ya makala m'kati. Amakoka utsi, kuusefa, n'kubwezera mpweya m'nyumba momwemo. Simuboola khoma. Koma sefayo muzisintha."

"Kubwezeranso m'nyumba?" adatero Regina. "Ndiye takoka chiyani?"

"Ndiye tengani awa. Mukuona chibowo pamwambapa? Utsi umatulukira apa, kulowa m'kabati, n'kukatulukira kunja kudzera pakhoma."

Eliness, yemwe nthawi yonseyi ankangoyang'ana mafiriji, adatembenuka.

"Mwati utsiwo umadutsa kuti, bambo?"

"M'kabati, mayi. Koma uli m'paipi, mbale zanu sizida ayi."

"Wonse umadutsa momwemo?"

"Wonse. Ngakhale mutapsereza usipa, aneba ndiwo adziwe, inu ayi."

"Tatenga amenewa," adatero Eliness.

Regina adawayang'ana mayi ake modabwa. Ankayembekezera mkangano wa tsiku lonse.

Lolemba Elson adabwera yekha ndi zida zake. Adaboola thabwa la pansi pa kabati, adaboola khoma, adalumikiza zibowo ziwirizo ndi paipi yonyezimira yopindika ngati kholingo la nkhuku. Adayatsa makinawo, n'kuika pepala kunsi kwake, pepalalo lidamatirira. Tsiku lomwelo anthu aganyu adagwetsa khitchini yakale. Eliness adali atatsitsa kale zikonyo zija n'kuzibisa m'dengu kunsi kwa bedi. Pabwalo padatsala dothi lakuda ndi mafuwa atatu.

Regina atangokwera basi ya ku Lilongwe, Eliness adakwera pampando, n'kuzula paipi ija ndi manja ake. Chibowo cha pakhoma adachitseka ndi sanza. M'kabatimo adasanja zikonyo zinayi mozungulira chibowo cha makina, adatseka zitseko, n'kumanga zogwirira zake ndi luzi. Lamulo la Yoramu linali lakuti mbewu ikapachikidwa saiyendera mpaka mvula itagunda.

Eliness sanali wopusa. Adaona yekha kuti moto wa gasi sutulutsa misozi m'maso. Koma akatereka nyemba, chinthu choyera chinkakwera tolotolo kuchokera mumphika, makinawo n'kuchimeza chonse, ndipo iye ankati mumtima, chokwera ndi chokwera basi. Masiku ena ankayatsa chitsononkho n'kuchigwirizira kunsi kwa makinawo kuti awonjezere. Utsi wa chitsononkho unkatha m'kanthawi kochepa. Nyemba zinkabwata maola atatu.

Kaphokosoko adayamba kukamva mu Ogasiti. Unali usana, dzuwa lili pamutu, ataphula kachewere. Adazimitsa makinawo, m'nyumba mudangoti zii. Kenako pamwamba pa mutu wake padamveka kanthu. Mchenga ukukhutukira papepala, pang'onopang'ono, kuleka, kuyambanso.

Adaima chilili ndi mpeni m'manja. Adayang'ana pakona pomwe pakadakhala mpando wa Yoramu ikadakhala khitchini yakale. Padali ndowa ya madzi basi.

"Ndinu?" adafunsa motsitsa mawu.

Kaphokosoko kadapitiriza.

"Mwabwera kudzaona mbewu yanu? Ilipo. Sindidathire mankhwala."

Kuyambira tsiku limenelo zidakhala choncho. Makina akamalira sankamva kanthu. Akangozimitsa, kaphokoso kaja kankayamba, tsiku lililonse mokwererako pang'ono. Poyamba ankathawira pakhonde kukadyera komweko. Kenako adazolowera. Adalowetsa mpando m'kakhitchiniko, ngakhale kuti ukalowa mpando chitseko sichinkatsekeka, ndipo ankakhala pamenepo akusenda kachewere, akusimba za mbuzi ya a Selestina oyandikana nawo yomwe idadya kabichi wa eni ake, za mlaliki watsopano wosadziwa kumaliza ulaliki. Yoramu ali moyo sankayankhanso zambiri. Ankangoti, "Mwatero, aNangozo," n'kutsokomola.

Regina ankaimba foni Lamulungu lililonse.

"Makina akugwira, amayi?"

"Akugwira."

"Chifuwa bwanji?"

"Changa chapepuka. Cha bambo ako ndiye chikukulirakulira."

"Mukuti chiyani?"

"Palibe. Netiweki yanuyi."

Tinene zoona. Mkazi amene walima zaka makumi asanu amadziwa phokoso lomwe limamveka m'nkhokwe ikalowedwa. Eliness adalimvapo kambirimbiri m'matumba a haibulidi a anzake, ndipo ankawaseka. Maganizo amenewo ankamufikira akamatsuka mbale, iye n'kuwakankhira kumbali ngati nkhuku yofuna kujompha m'lichero. Luzi lija ankaliyang'ana, osalikhudza. Kabati ikakhala yotseka, Yoramu adalimo ndipo mbewu idalimo. Ikatsekulidwa, mwina sakadapezamo ngakhale chimodzi mwa ziwirizi.

Mu Okutobala, kutentha kutafika poipa, adaona kaufa kachikasu pa chivundikiro cha mphika. Adapukuta. Mawa lake kadalinso pomwepo, kakugwa kuchokera m'timabowo ta sefa ya makina. Tsiku lachitatu, akumwa tiyi, kanthu kakuda kadagwera m'kapu n'kuyamba kupalasa miyendo. Adakavuula ndi chala, n'kukayang'anitsitsa: kamlomo kake katali, kamsana kolimba. Adakaphwanya ndi chikhadabo.

Adakwera pampando, n'kudula luzi.

Fungo ndilo lidayamba kutuluka, lofunda, lachinyontho, ngati gaga wovunda. Thabwa la m'kabati linali litafufuma ndi nthunzi ya miyezi inayi. Mwaye wakale uja udasungunuka n'kuyenderera, ndipo pamakoko padamera chuku chobiriwira. Anankafumbwe adali ponseponse, pazitseko, m'makona, ena akugwera pankhope pake. Adanyamula chikonyo chimodzi. Chinali chopepuka ngati chisa cha mbalame.

Sadalire. Adatulutsa zonse zinayi, n'kukhala pansi padzuwa pafupi ndi mafuwa aja, lichero pamiyendo. Adatokosola njere imodziimodzi. Zambiri zinkangophwanyika m'zala, kunja khungu, m'kati ufa. Zooneka zamoyo adazithira m'beseni la madzi. Zobooka zidayandama, adaziyoola n'kuponyera nkhuku. Zomira zidachokera pafupifupi zonse pa chimanga chimodzi cham'kati mwa chikonyo chomwe chidakhala kutali ndi chibowo. Atazitsanula, zidakwana m'dzanja limodzi, chala chachikulu n'kutsekera pamwamba.

Adaziyanika pansalu tsiku lonse, iye ali pomwepo ndi kamtengo kopirikitsira nkhuku. Kabati adaitsuka ndi madzi otentha. Madzulo a tsikulo adatereka madzi a tiyi, adayatsa makina, adazimitsa, n'kudikira. M'nyumba mudali zii weniweni. Adakhala pampando uja mpaka tiyi adazizira, kenako adautulutsa mpandowo n'kutseka chitseko.

Mvula idagwa kumapeto kwa Novembala. Njerezo sadapite nazo kumunda. Adadzala kuseri kwa nyumba, imodzi paphando, n'kutchinga ndi minga. M'mawa uliwonse ankagwada kuyang'ana nthaka. Zidamera khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ziwiri zidadulidwa ndi mbozi.

Regina adabwera pa Khirisimasi. Adalowa m'khitchini, adapeza paipi ili pamwamba pa kabati, sanza ili pakhoma, thabwa litapindika. Adatulukira kuseri ndipo adapeza mayi ake pamalo pa khitchini yakale. Nsichi zinayi zinali zitazikidwa kale, mitolo ya udzu ili poteropo.

"Amayi, ichi n'chiyani?"

Eliness adamuuza zonse, mosachotsera, kupatula za kucheza ndi kabati.

"Ndiye mukumanganso chomwe chidapha bambo?"

"Bambo ako adawapha ndi mgodi."

"Nanga adokotala adati chiyani za inu?"

"Adati utsi ukundimaliza. Sadaname." Adaloza kumpanda wa minga. "Mapesi khumi ndi asanu ndi awiri. Ukawawerenge wekha. Kuno mpaka ku Lizulu sukachipezanso chimanga chimenechi. Chikacha, uchipachika m'makina ako?"

"Mankhwala alipo, amayi!"

"Chaka chamawa, chikachuluka, theka udzathire mankhwala ako tidzaone. Chaka chino sindiyeserapo kanthu. Ndayesera kale."

"Ndiye muziphikanso muno?"

"Ndiziphika m'nyumba. Kuno ndizingosonkha moto n'kutuluka."

Onse awiri ankadziwa kuti moto wofukiza mbewu umafuna tsiku ndi tsiku kuyambira Meyi mpaka mvula, ndi munthu wokhala pafupi kuti denga lisapse.  Regina adabwerera m'nyumba, ndipo posakhalitsa kudamveka kugogoda, akubwezeretsa paipi ija m'malo mwake.

Eliness adawerama kuti akankhire fuwa limodzi pakati pa nsichizo. Mwalawo unali wolemera kuposa momwe ankaukumbukira. Adaugubuduza kamodzi, kawiri, n'kukhala pansi kuti apume. Mphepo idali itaima, makina m'nyumba adali asadayatsidwe, nkhuku zidali kutali. Pamenepo adakamvanso kaphokoso kaja, mchenga ukukhutukira papepala pang'onopang'ono. Adatembenukira kunyumba, kukabati, ngakhale ankadziwa kuti mulibe kanthu. Adagwira mpweya. Kaphokosoko kadaleka. Adapumanso, kadayambiranso.

"Mwatero," adanena yekha.

Adadzuka, n'kupita kukatenga fuwa lachiwiri.