Pachipata cha Mzinda wa Nyali

Mzime ankapinda malaya a bambo n'kumaika m'chikwama pamene TV inayaka yokha. Mwina anagunda china chake ndi bondo, poti pabalaza ponse panali zingwe ndi makatoni.

Pagalasi panaoneka nkhalango ya nkhungu, ndi mtsikana wovala zachitsulo atabereka nkhalamba yakhungu kumsana. Panalibe amene anagwira chowongolera cha gemu, chinali gone patebulo. Koma mtsikanayo anayamba kuyenda.

"Wabwera," anatero bambo ali pampando wawo, maso ali pagalasipo. "Lero wachedwa."

Achemwali, mwana woyamba wa m'nyumbamo, anali ataikidwa m'manda sabata yomweyo. Ndiwo ankasamala bambo chiyambire matenda awo oiwala: kuwasambitsa, kuwameta, kuwabweza pamasitepe akanyamuka kuti akupita kuntchito imene anapuma kalekale. M'mawa wina achemwali anagwa kubafa. Mtima, basi. Za malirowo bambo anauzidwa kangapo, ndipo nthawi zonse ankagwedeza mutu mwaulemu ngati akumva za munthu wakwina.

Achimwene analowa foni ili kukhutu. Achimwenewa ndi munthu woti ngakhale mchere amapempha ngati akutseka msonkhano. Ndiwo anakonza zonse: galimoto ya kunyumba yosungira okalamba inali m'njira kudzatenga bambo masana omwewo.

"Zimitsa chimenecho, Mzime."

"Chikuyenda chokha, achimwene."

Anatola chowongoleracho n'kuchiyang'anitsitsa. "Kandodo aka kanatha. Ukamakakankhira mbali imodzi tsiku ndi tsiku, kamazolowera, mapeto ake kamapita kokha. Palibe mzukwa pano." Anayankhula molimba ndithu, koma anachibwezera patebulo msangamsanga n'kupukuta dzanja pathalauza.

"Ndiye akupita kuti?"

"Kuchipata. Gemu imeneyi ndinawagulira achemwali ndine, kuti azipumirako. Nkhalambayo ndi imene inamulera mtsikanayo. Akafika pachipata cha Mzinda wa Nyali, mlonda amati alowe mmodzi yekha. Ukaitsitsa nkhalambayo, imasanduka mwala, iwe umalowa, amakuveka chisoti chachifumu, gemu yatha. Ukakana, chipata chimatsekeka, umabwerera m'nkhalango. Ana anga anamaliza isanathe sabata. Achemwali ako zaka zonsezi, sindikudziwa kuti ankatani."

Mzime anakhala pansi, malaya ali pamwendo. Mtsikana uja ankadutsa pakati pa mitengo yakuda, mapazi ake akumveka tswa, tswa, m'nyumba yonse. Nkhalamba ya kumsanayo inkapuma mwaphokoso, ndipo Mzime anazindikira kuti bambo akupuma nayo limodzi.

"Mwina bambo ndikanawatenga ine," anatero motsitsa mawu.

"Kuchipinda chako chimodzi chija? Ukamapita kusaluni uziwamangirira pampando? Tinakambirana, mlongo wanga. Usayambe."

Anakambiranadi, ndipo Mzime anavomera. Choipa n'choti atavomera mtima unamupepuka, ndipo kupepukako kunkamuchititsa manyazi mpaka tsopano. Zaka zonsezi ankangoimba foni Lamlungu. Achemwali ankayankha mawu amodzimodzi, "Ife kuno tili bwino, iwe gwira ntchito," iye n'kukhulupirira, chifukwa kukhulupirira kunali kophweka.

Tsopano ankaona kandodo kaja katapendekera kutsogolo popanda chala. Sikanazolowere njira ya kumtsinje kapena ya kumsika wa m'gemumo. Kanazolowera ya kuchipata. Ndiye kuti tsiku lililonse achemwali ankakhala pansi pomwepa n'kulunjika kumene munthu amatula katundu wake. Mzime anamva chisoni, komanso mantha, ngati wawapeza akuvula.

Nkhungu inang'ambika. Chipata chinaima chachitali, nyali zikuwala kuseri kwake. Mlonda wopanda nkhope anatsitsa mkondo.

"Mmodzi yekha ndiye alowe," anatero bambo.

Kenako mlondayo ananena mawu omwewo.

Achimwene anakhosomola n'kupita pawindo kukayang'ana galimoto.

Pagalasi panatuluka mawu awiri, wina pambali pa batani lobiriwira, wina pambali pa lofiira: tsitsa, kana. Apo bambo anapisa dzanja pansi pa khushoni n'kutulutsa chowongolera china, chakale, chomata ndi tepi. Anachigwira bwinobwino ndi manja awiri, anthu oti supuni imawagwa. Anayamba kudina batani lobiriwira.

"Mutsitse," ankatero. "Mutsitse, mwanawe, watopa. Lowa. Ukudikira chiyani?"

Anadina, anadinanso, mpaka chala chinayera. Pagalasi sipanasinthe kanthu.

"Chimakana chimenechi," anadandaula, akuyang'ana Mzime ngati mlendo wachifundo wa m'basi. "Tsiku lililonse ndimamuuza kuti amusiye mkuluyo, wadya kale zake. Samva. Makani ngati mayi ake."

"Tabweretsani ndione, bambo," anatero Mzime.

Anachitembenuza n'kutsegula kumbuyo. Munalibe mabatire. M'malo mwake munali timiyala tiwiri tokulungidwa bwino m'kansalu ka diresi ya achemwali imene Mzime ankaidziwa, kuti chizilemera ngati chamoyo.

Kunja galimoto inaliza hutala.

"Afika," anatero achimwene. "Tseka chikwamacho."

Mzime anatola chowongolera cha achemwali patebulo. Batani lobiriwira linali lowala ngati la m'sitolo. Lofiira linali litafufutika mtundu, pakati pake patakumbika kadzenje kosalala. Ataikapo chala, chinakwana ndendende. Linali lofunda. Anadziuza kuti ndi dzanja la achimwene, ngakhale achimwene sanakhudze batanilo.

Pagalasi, mtsikana uja anatopa n'kudikira. Anakweza nkhalambayo bwino kumsana, monga amachitira anthu a m'magemu ukawasiya nthawi yaitali, kenako anatembenuza mutu pang'onopang'ono n'kuyang'ana m'chipindamo. Sankaoneka wokwiya. Ankangodikira.

Mzime anaganiza za chipinda chake chimodzi, za masitepe, za mwini saluni amene samva za odwala. Palibe chimene chinapepuka. Anadina.

Chipata chinatsekeka ndi mkokomo umene unagwedeza makapu m'kabati. Nyali zinazima, nkhungu inabwerera, ndipo mtsikanayo anatembenuka ndi katundu wake kulowanso m'nkhalango.

"Wakananso," anatero bambo, n'kutsonya. Koma mapewa awo anatsika, nkhope inamasuka, ndipo dzanja lawo linafufuza mpaka linapeza mutu wa Mzime n'kukhala pamenepo, pamalo pamene linazolowera kupeza mutu wina.

Hutala inaliranso. Achimwene anaima pakhomo, akuyang'ana chikwama chosatseka, kenako mlongo wawo.

"Ndiye ndikawauze chiyani anthuwa?"

Mzime anatolanso chowongolera cha bambo chija. Anabwezera timiyala tija m'malo mwake, natseka, nakanikiza tepi ndi chala.

"Akakana chonchi," anatero bambo, "pali zimene amandiuza. Ndaiwala."

Mzime anawaikira chowongoleracho m'manja, napinda zala zawo mozungulira icho.

"Mawa muyesenso, bambo."

"Eya," anatero. "Zomwezo."